Njerwa za kwa Kalaba

"Mukufuna kudziwa kumene ndimapita, alamu? Tcherani khutu. Ndimadzuka kusanache kukaima pamzere kupompi, chifukwa ukachedwa umapeza ndowa za komboni yonse ya Kabwata zakutsogolera. Ndikabwera ndikoleza mbaula, ndifunditsa madzi, ndithowa mawondo ndi zala za alongo anu mpaka zitalola kugwira sipuni. Ndiphika phala kuti mapiritsi asapeze m'mimba mopanda kanthu. Ndiwaveka malaya, ndiwamanga mabatani, ndiwakweza panjinga ngati thumba la chimanga. Kenako matewera a Helen. Kenako kumsika. Kenako masaka a ufa a kwa Kalaba, kuchapa ndi kuyanika. Madzulo ndikatenga njerwa. Usiku nditembenuza munthu. Tsono pamenepo mundionetse inuyo pamene chigololo chingalowe, chifukwa ine ngakhale mpata wokanda kumutu sindiuona."

Alamu anga a Winifred, alongo awo a amuna anga a Gilson, sanasinthe nkhope. Anakhala pamphasa atawongola miyendo, akusenda mtedza umene anabwera nawo kuchokera ku Katete. Anati akudzazonda matenda masiku atatu, koma apa n'kuti sabata yachitatu ikutha.

"Pakamwa pokha muli napo, amake Helen," anatero. "Koma ine ndi maso angawa ndakuonani mukuzungulira kuseri kwa nyumba ya Kalaba, Mbemba uja, dzuwa litalowa. Mwamuna wopanda mkazi. Mubwerako, musamba m'manja, muthira mchere m'ndiwo, mwana wa amayi adya. Lero mfundo zonse zatupa, pamtima pakuwawa, thupi latha. Kwathu matenda amenewa timawadziwa dzina. Ndi mdulo. Mwamudula mlongo wanga."

Mdulo ndinaumva kuchinamwali ngati mtsikana aliyense: mkazi akayenda ndi mwamuna wina n'kuthira mchere m'ndiwo, mwamuna wake amatupa mpaka kufa.

"Ndi chifuwa chachikulu," ndinatero. "Anawajambula kuchipatala, anachiona."

"Anajambula chifuwa. Nanga mawondo anawajambula?"

"Mawondowo ndi mapiritsi. Ndinafunsa. Wothandiza dokotala anati anthu ena amatero akamwa nthawi yaitali, koma asaleke. Anatipatsa asipilini. Walira mvula walira matope, alamu."

"Ha! Mankhwala odwalitsa munthu! Sukulu munalekera panjira, udokotala munauphunzira kuti? Azungu omwewa amene atimangira Chitaganya m'khosi osatifunsa, lero ndiye atikonde mpaka kutigawira mankhwala aulere?"

Mapiritsiwo anali aakulu ngati mabatani a jasi, omwa odzaza dzanja m'mawa ndi madzulo, ndipo anatiuza kuti ndi chaka ndi theka osadumphitsa. Miyezi yoyamba tinayamika. Chifuwa chinazizira, magazi analeka kutuluka. Koma chisanu cha Juni chitalowa, ululu unayamba m'zala, unakwera m'mapewa, n'kukakhazikika m'mawondo ndi m'akakolo. Masana a Gilson ankalimba mtima. Ndi mesenjala pa ofesi ina m'tauni, amapalasa njinga ndi makalata mpaka ku Longacres ndi ku Woodlands, ndipo kanyumba kathu kozungulira kaudzu kanalembedwa pa ntchito yomweyo. Ntchito ikatha, nyumba yatha. Usiku, thupi likazizira, ndi pamene ankalira ngati mwana.

Ndinayesa zonse. Mphasa inkalowetsa chisanu cha pansi, choncho ndinasoka masaka n'kuthiramo udzu wouma. A Mwanasha, akazi a telala woyandikana nafe, anandipatsa tizidutswa ta nsalu, ndinapanga timitsamiro. Kamodzi ka pakati pa mawondo kuti mafupa asakhudzane, kena ka pansi pa kakolo, kena kokumbatira kuti phewa lisagwe. Bulangete likawalemera pazala za kumapazi, ndinkavundikira dengu kumiyendo kuti bulangetelo likhale m'mwamba. Ndinkawapaka mafuta a nsatsi. Koma chimene chinkawagoneka kwenikweni ndi njerwa yotentha yokulunga m'saka. Pambaula njerwa imadya makala ambiri, imapsa kunja kokha, n'kuzizira msanga. Kalaba amaphika mabanzi mu uvuni wadothi kuseri kwa nyumba yake, kumapeto kwa mzere wathu. Njerwa ikakhala mu uvuni umenewo masana onse imasunga moto mpaka tambala woyamba. Tinapangana: ine kumuchapira masaka a ufa, iye kundiotchera njerwa.

Madzulo a tsiku la mkanganolo ndinapitabe, Helen ali kumsana.

"Shani, ba mai Helen!" anatero Kalaba, akukoka njerwa ndi fosholo. "Namvela ati ba mulamu banu banipatsa mukazi ku pompi. Sembe banabwela nabo kuno, anithandizeko kukanda ufa."

"Musaseke, bambo. Nkhani yake ndi yoipa."

"Ine mukazi wanga ali ku Kasama, na kofi imodzi, chibakera chabe, angathyole uvuni uyu. Mubauze ba mulamu banu asaniphetse." Anandiyang'ana, nthabwala n'kumuthera. "Ba Gilson bagonako?"

"Pang'ono."

"Tengani zonse. Iyi yakuda ndiye isunga moto maningi, muziika ku nkonkho, pa bondo pamene pababa."

Usiku umenewo ndinawagoneka chammbali monga mwa nthawi zonse, mtsamiro pakati pa mawondo, njerwa ina kumsana, ina kumapazi. Alamu anagona kuseri kwa nsalu yotchinga, koma ndinkadziwa kuti makutu ali kwa ife. Njerwa zitayamba kupola, a Gilson anandigwira dzanja.

"Amake Helen, nditembenuze. Phewa."

Ndinawatembenuza, ndinasuntha mitsamiro.

"Ayi, bweza. Bondo. Mayo ine, bondo!" Anapuma mwamphamvu. "Ndatopa, Regina. Munthu angakhale osadya, koma osagona ayi. Dzulo ndinasinza panjinga, lole inangotsala pang'ono kundiponda pa njanji. Mapiritsiwa akundidya wamoyo."

"Tadutsa kale pakati, bambo a Helen. Kutentha kukabwera zichepa."

"Iwe umalankhula chifukwa mafupa si ako."

Kuseri kwa nsalu alamu anatsokomola, kutsokomola kwa munthu wosadwala.

Patapita masiku ochepa ndinaona chodabwitsa. A Gilson anagona mpaka kucha, osandidzutsa ngakhale kamodzi. Mawa lake chimodzimodzi. Ndinayamika Mulungu, ndinati mitsamiro yanga yagwira ntchito. Alamu anali atayamba kundithandiza m'mawa. Ankati, "Pitani kupompi, phala ndi mankhwala ndiwapatsa ndine." Ndinkati mtima wawo wafewa. Sabata yachiwiri, ndikuchapa malaya a ntchito, ndinapeza kansalu kopukutira kukamwa m'thumba, kali ndi kadontho kofiira. Ndinathamangira m'nyumba, ndinatsegula chitini cha mankhwala pashelefu. Munalibe kanthu.

"Ali kuti?"

"Ndinawasunga," anatero alamu, osadzutsa mutu. "Mwaona nokha mmene wagonera. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwini wake ndi amene anandipempha."

"Magazi abwerera, alamu! Taonani!"

"Ndi mdulowo. Wakwera kupita pamtima. Atsibweni akubwera Lamlungu, mukayankhe kwa iwo."

Ndinafufuza m'denga, m'thumba la mtedza, pansi pa mphasa, ngakhale kudzala. Sindinawapeze. Kuchipatala amapereka pamwezi, ndipo amafuna wodwala yemweyo ndi khadi lake. Khadilo nalo linali litasowa.

Atsibweni a amuna anga, a Amock, ndiwo nkhoswe ya banja lathu kuchimuna. Ndi kapitawo pa famu ina ku Makeni, munthu wolankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga ng'ombe. Nkhoswe yanga, achimwene anga, ali ku migodi ku Mufulira, ndipo kalata yopita ndi kubwera ikanatha masabata. Lamlungu titaweruka kutchalitchi anakhala pampando wathu umodzi wokhawo, a Gilson pambali pawo atatsamira khoma, alamu pamphasa, ine pakhomo ndi mwana.

"Mkamwana," anayamba, "ine sindinabwere kudzakutukwanani. Mwasamala mwana wathu, anthu akunena. Koma tsoka silinunkha. Matenda awa ali ndi mwini wake. Ngati mwini wake saoneka, ife tilibe chochita koma kumutengera Gilson kumudzi, akaone akuluakulu odziwa kufufuza. Basi ya ku Fort Jameson inyamuka Loweruka."

"Atsibweni, kumudzi kwawo chipatala chili kutali ulendo wa tsiku lathunthu. Mapiritsi akawatenga kuti?"

"Mapanga awiri avumbwitsa. Zachizungu tayesa, mwana wapunduka nazo."

"Akapita sabwerako. Amene ankagona bedi loyandikana nawo kuchipatala analeka mankhwala atamva bwino. Tinakamuika m'manda mvula isanathe."

"Imfa ili ponseponse, mkamwana."

Ndinatembenukira kwa amuna anga. "Bambo a Helen, nenani inu. Njerwa zimene ndimakatenga kwa Kalaba zimagona pamsana pa ndani? Auzeni."

A Gilson anayang'ana mawondo awo. "Ine sindidziwa, Regina," anatero motsitsa. "Ine ndimakhala kuntchito. Chimene ndidziwa n'chakuti ndikufuna kugona."

Mawu amenewo anandilowa ngati singano ya masaka. Helen ankakoka bere. Kenako ndinafunsa funso limene ndinali nditalitafuna usiku wonse.

"Nanga mwini wake wa matendawa ataoneka?"

"Pamenepo n'zosavuta," anatero atsibweni. "Aulula. Mizu ilipo, Winifred anabwera nayo. Wolakwayo athiramo mchere ndi dzanja lake, amwetsa wodwala, nkhani yatha pomwepo. Ulendo wa kumudzi ukhalanso wa chiyani?"

"Akhala kuno?"

"Akhala."

"Ndipatseni mpaka Lachisanu."

Masiku amenewo ndinayesa zitseko zonse. Ndinapita kuchipatala, anandiuza kuti popanda wodwala ndi khadi sangandipatse kanthu, ndipo sangatumize munthu kukakangana ndi abale m'komboni. Ndinapita kwa mkulu wina wa mpingo wathu, anati za banja zili ndi ankhoswe. Ndinakhala pa khonde la a Mwanasha, makina a amuna awo akulira m'nyumba.

"Mwana wanga," anatero a Mwanasha, "kwathu ku Nyasalande timati ndaka, ndi zomwezo. Ukavomera, dzina limenelo sulivulanso. Likhala ngati mphini."

"Ndikakana, Loweruka akwera basi."

"Ndiye upite nawo."

"Ndikawaone akutsokomola magazi m'nyumba ya alamu? Ndibwereko ndi chitenje chakuda, nyumba ino atalowamo ena? Mayi, dzina silitsokomola."

Lachinayi usiku ululu panalibe, koma chifuwa chinabwerera ndi mphamvu. Ndinagona ndikumva mmene mpweya unkalirira m'nthiti mwawo ngati chitseko chadzimbiri. Katundu wa a Gilson alamu anali atamanga kale m'bulangete, lili pafupi ndi khomo.

Lachisanu madzulo atsibweni anabwera ndi tikiti m'thumba la jekete. Ndinagwada pakati pa nyumba.

"Ndine," ndinatero.

Alamu anaomba m'manja kamodzi. "Ndinanena ine! Ndinanena!"

"Dikirani, sindinathe. Ndiulula zonse, ndithira mchere, ndiwamwetsa. Koma choyamba mapiritsi ndi khadi zibwere apa, m'manja mwangamu. Ndipo akamwa mizu yanu amwenso mapiritsi, lero lomwe, mpaka chaka ndi theka chikwane."

"Taonani hule akuika malamulo!"

"Winifred, khala chete," anatero atsibweni. "Mkamwana, ndinanena kale za mapanga awiri."

"Ndinamva, atsibweni. Tsono imvani izi. Kuofesi kwawo anawalola kubwerera pantchito chifukwa cha khadi limenelo. Mwezi uliwonse bwana amafuna kuona chidindo cha chipatala. Chidindo chikasowa, ntchito yatha, nyumba yatha, ndipo zimene zimapita ku Katete pakutha pa mwezi zatha. Ana a alamu awiri ali pasukulu ya mishoni ndi thukuta la njinga imeneyi. Inu ndinu kapitawo, mukudziwa mzungu akafuna pepala."

Atsibweni anakanda chibwano nthawi yaitali. "Fodya wako ndi uyo ali pamphuno," anatero potsiriza. "Winifred, bweretsa."

Alamu anamasula mpango umene ankamanga m'chiuno mkati mwa chitenje. Masiku onsewa mapiritsi ankagona nawo pathupi. Ndinawalandira, ndinawaika pachifuwa panga pamodzi ndi khadi.

"Tsopano mutchule," anatero atsibweni. "Ndi Mbemba wa mabanzi?"

"Ayi. Kalaba sadziwa kanthu. Ndi dalaivala wa lole, wapaulendo, anapita ku Ndola. Dzina sindinafunse."

"Kangati?"

"Kamodzi."

"Kuti?"

"Kuseri kwa msika."

Bodza likayamba limadziyendera lokha. Anafunsa mwezi, ndinatchula Meyi, kuti ligwirizane ndi kutupa kwa mfundo. Nthawi yonseyi sindinawayang'ane amuna anga. Alamu anaviika mizu m'kapu yachitsulo, anandipatsa mchere pachikhatho. Ndinathira, ndinatakasa ndi chala, ndinayenda ndi mawondo mpaka pamene anakhala a Gilson. Anamwa maso ali kudenga. Kenako ndinawapatsa phala lozizira ndi mapiritsi odzaza dzanja, ndinayang'anitsitsa pakhosi mpaka lomaliza litatsika.

Loweruka alamu anakwera basi ija okha, pa tikiti yomwe ija.

Ululu unabwerera patangopita masiku ochepa, monga ndinkadziwira. Madzulo ndinatenga saka kuti ndipite kwa Kalaba.

"Ukupita kuti?"

"Kukatenga njerwa."

"Phazi lako lisapondenso kumeneko."

Ndinatseka chitseko, ndinagwada pafupi nawo. "Bambo a Helen, tatsala awiri tsopano, ndimvereni. Kulibe dalaivala. Kulibe lole, kulibe Ndola. Ndinanama kuti musakwere basi. Inu mukundidziwa kuyambira ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Mwezi wa Meyi umenewo ndinkagona pati, si pambali panu ndikukupukutani thukuta?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, maso ofiira a munthu wosagona.

"Munthu saulula chimene sanachite, Regina."

"Ine ndaulula."

"Ndiye unanama liti? Lachisanu pamaso pa atsibweni, kapena lero pamaso panga?"

Ndinaika saka lija pansi. Ndinakoleza mbaula, ndinaikapo njerwa yotola kumpanda. Usiku ndinawagoneka chammbali, mtsamiro pakati pa mawondo, wina pansi pa kakolo, dengu kumiyendo. Njerwa ya pambaula inapola msanga, ndinadzuka kukolezanso, ndipo kenanso. Analola manja anga kuwatembenuza, koma mbali iliyonse imene ndinawagoneka, nkhope inkapeza njira yoyang'ana kukhoma.

Kutentha kwa Okutobala kutafika, mfundo zinaphwa, ululu unachepa monga ananenera kuchipatala. Atsibweni atabwera kudzaona anagwedeza mutu mokhutira. "Mwaona mizu ya kwathu? Akanapanda kuulula, bwenzi titaika munthu." Ku Katete mpaka lero amasimba choncho. Mapiritsi anatha chaka chotsatira. Anawajambulanso, anati chifuwa chayera.

Zimene zinapita ndi izi. Makala a miyezi itatu yotsala ya chisanu ndi mphepo anadya simbi yanga yositira, ketulo, ndi nsalu ziwiri za paukwati. Mbuzi ya chindapusa imene atsibweni analamula analipira achimwene anga a ku Mufulira, ndipo kuyambira pamenepo sanandilemberenso. Kumpingo anandiika pa chilango chaka chathunthu, benchi lakumbuyo, osadya Mgonero, ndipo bulauzi yoyera ya amayi a chigwirizano ndinabweza. Kupompi ndikafika nkhani imaduka, ndowa yanga amaisuntha ndi phazi. Kalaba, ngakhale sindinamutchule, amayi a mzere wathu analeka kugula mabanzi ake, anasamukira ku Matero osatsazika. Dzino langa limodzi linagwa, msana wanga sunabwererenso mwakale chifukwa chonyamula munthu wamkulu usiku ndi usiku. Helen alibe mng'ono wake.

Zimene zinatsala: nyumba tikadalimo, njinga ikupalasidwabe, Helen ali ndi bambo ake. A Gilson amagona mpaka kucha, kamtsamiro kanga ka tizidutswa kali pakati pa mawondo, chifukwa anakazolowera. Ndiwo ndimaphika zopanda kanthu, ndimaika kambale pambali. Mchere amathira okha.